Ena adasesa, ena adapha: momwe anthu adachitira zipolowe zitabuka ku Joni

Lachiwiri pa 13 July 2021, mayi wina mumzinda wa Durban m'dziko la South Africa adaima pakakhonde ka nyumba yosanja, utsi uli tolotolo, atanyamula mwana wake wamkazi wa zaka pafupifupi ziwiri. Sitolo za pansi pa nyumbayo zidali zitathyoledwa ndipo akubawo adasiya atayatsa moto.

Pansi padasonkhana anthu atatambasula manja, akukuwa kuti aponye mwanayo. Mayiyo adalimba mtima n'kumponya. Anthu aja adamuwakha bwinobwino, ndipo patangopita kanthawi mayi ndi mwana adakumananso pansi, onse ali moyo.

Wojambula wa BBC adajambula zonsezi ndipo kanemayo adafika mpaka m'mafoni a kuno kwathu. Mumsewu umodzimodzi, tsiku limodzimodzi, mudali anthu oyatsa moto komanso anthu owakha mwana wa munthu yemwe samamudziwa n'komwe.

Umu ndi momwe zidalili sabata yonse ya zipolowe zija. Ambirife tikakumbukira July 2021 timaona anthu atasenza mafiriji ndi ma TV. Komatu osenzawo adali ochepa poyerekeza ndi chinamtindi cha anthu omwe sadabe kanthu. Apolisi atasowa, anthu wambawa ndiwo adagamula kuti sitolo iti ipulumuke, ndipo m'madera ena adagamulanso kuti ndani akhale ndi moyo.

Chidatsitsa dzaye

Pa 29 June 2021 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo lidalamula kuti mtsogoleri wakale Jacob Zuma akakhale kundende miyezi 15. Mlandu wake udali woderera lamulo la khotilo loti akaonekere kukomiti yofufuza za katangale, yomwe amatsogolera jaji Raymond Zondo. Usiku wa pa 7 July Zuma adadzipereka kupolisi ndipo adakamtsekera kundende ya Estcourt.

Patangotha masiku awiri, omutsatira m'chigawo cha kwawo cha KwaZulu-Natal adayamba kutseka misewu ndi kuotcha mathiraki, makamaka pa Mooi River, pamsewu wa N3 womwe umalumikiza doko la Durban ndi mzinda wa Johannesburg. Pofika Lamulungu pa 11 July moto udali utalumphira m'chigawo cha Gauteng. Apa n'kuti nkhani ya Zuma itayamba kuiwalika. Maso onse adali pasitolo.

Akatswiri omwe Pulezidenti Cyril Ramaphosa adawasankha kuti afufuze za zipolowezi, motsogozedwa ndi Pulofesa Sandy Africa, adatulutsa lipoti lawo mu February 2022. Lipotilo lidati anthu oposa 350 adafa ndipo chuma cha dzikolo chidataya ndalama pafupifupi R50 biliyoni. Lidatinso apolisi ndi akazitape a boma adalephera kuona zomwe zimabwera, ndipo zitafika adalephera kuzithetsa. Ramaphosa mwiniwake adavomera pa 16 July kuti boma lake silidakonzeke.

Njala kapena umbava?

Masiku oyambirira anthu ambiri amangoseka. Makanema amayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook ngati moto wolusa: uyu akulimbana n'kulowetsa chi TV m'kagalimoto kosakwana, uyo wasenza matiresi pamutu akuthamanga. Wina akaona amatumizira mnzake, ndipo mosazindikira amakhala akulengeza kuti pamalo akutiakuti palibe wapolisi.

Kenako mtsutso udabuka, m'nyumba, pawailesi ngakhalenso m'matchalitchi. Ena amati anthuwa yawatuma ndi njala. Mfundo yawo siidali yopanda mutu. Nthawi imeneyo dzikolo lidali pamalamulo okhwima a Covid-19, ndalama ya R350 yomwe boma limapereka mwezi ndi mwezi kwa anthu osowa ntchito idali itaima kumapeto kwa April, ndipo anthu 34 mwa 100 alionse ofuna ntchito adali paulova. M'makanema momwemo mumaoneka amayi atanyamula ufa, mafuta ophikira ndi matewera a ana, basi.

Ena amati ayi, uwu ndi umbava chabe, ndipo nawo adali ndi umboni wawo. Ku Glenwood mumzinda wa Durban, mnyamata wina adamjambula akutuluka m'sitolo ya Woolworths ndi basiketi ya katundu n'kukalowa m'galimoto yake ya mtundu wa Mercedes-Benz. Adatchuka dziko lonse, ndipo pambuyo pake adavomera mlandu kukhoti. Kunyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, galimoto zimachita kundandalika pamzere kudikira kupakira.

Padalinso nkhani ya sofa yabuluu, ya mtengo pafupifupi R68 000, yomwe idabedwa m'sitolo ina ku Springfield. Chithunzi chake chidaoneka sofayo ili panja, pakati pa tinyumba ta malata. Anthu adaiseka sofayo sabata yathunthu.

Nanga tinene kuti ndi njala yomwe idathyola nkhokwe yosungira magazi a odwala ku Durban, kapena kuzula zipangizo za wailesi ya Alex FM, wailesi ya anthu osauka a ku Alexandra? Nanga yomwe idaotcha nyumba yosungiramo mankhwala a mbewu ya kampani ya UPL ku Cornubia, poizoni n'kutsikira mumtsinje mpaka kunyanja, nsomba n'kufa, magombe n'kutsekedwa miyezi?

Kunena mosapsatira, mbali zonse ziwiri zimanena zoona, kungoti aliyense amasankha kanema womukomera. M'chigulugulu chimodzi mudali wanjala, wadyera, wotumidwa ndi andale komanso mwana wongotsatira anzake. Ndipo chigulugulu sichisankha popha. Pa Ndofaya Mall ku Meadowlands, m'dera la Soweto, anthu 10 adafa atapondana polimbirana katundu.

Kuseka kudatha kutacha. Pofika pakati pa sabata, mumzinda wa Durban anthu amafola mizere italiitali kuyambira m'bandakucha kufuna buledi ndi mkaka, ndipo sitolo zochepa zomwe zidatsala zimachita kuwerengera munthu zoti agule. Fakitale yoyenga mafuta ya Sapref, yomwe panthawiyo idali yaikulu kuposa zonse m'dzikomo, idaimitsa ntchito ndipo mizere idafikanso pamalo omwetsera galimoto. Odwala shuga ndi omwe amamwa ma ARV adapeza sitolo za mankhwala zili mabwinja. Agogo omwe amatapa ndalama zawo za ukalamba pafupi ndi kwawo adayamba kukwera minibasi kukazifuna kutali. Yemwe adaba thumba la mpunga Lolemba adadzapezeka pamzere umodzi ndi neba wake yemwe sadabe.

Adagona panja kulondera sitolo

Anthu ena sadadikire kuti zifike pamenepo. Ku Pimville m'dera la Soweto kuli Maponya Mall, malo aakulu a sitolo omwe adamanga Richard Maponya, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kutukuka pabizinesi m'nthawi ya ulamuliro watsankho wa azungu. Adatsegulira malowa ndi Nelson Mandela mu 2007. Malo ena otere monga Jabulani Mall atasesedwa, anthu okhala mozungulira Maponya adagwirizana kuti pano pokha ayi.

Abambo, amayi ndi achinyamata adagona panja m'chisanu cha July, akuotha moto pazipata, kusinthana usiku ndi usana mothandizana ndi apolisi ndi asilikali ochepa. Maponya Mall idapulumuka. Anthuwo sikuti amateteza chuma cha eni sitolo ayi. M'sitolomo ndi momwe ana awo amagwira ntchito, ndipo ndi pomwe iwo amagula ndiwo ndi kutapa ndalama. Yemwe adatchuka potsogolera gululi adali mnyamata wovala ngati msilikali, Nhlanhla Lux. Dzinali mulisunge, tikumana nalonso.

Nawo eni minibasi, zomwe kumeneko amati taxi, adalowererapo. Bungwe lawo la Santaco lidachenjeza kuti silisekerera aliyense wothyola sitolo, pakuti sitolo zikapsa ndiye kuti okwera minibasi asowanso kopita. M'matauni angapo madalaivala adaimika minibasi zawo pazipata za sitolo, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe zipolowezi sizidafalikire m'zigawo zina zisanu ndi ziwiri za dzikolo. Anthu adawaombera m'manja. Koma eni taxi a ku Joni si anthu oyenda chimanjamanja. Ku Vosloorus, komwe amathamangitsa anthu ndi mfuti, mnyamata wachichepere adawomberedwa n'kufa.

Zomwe zidachitika ku Phoenix

Kumpoto kwa Durban kuli tauni ya Phoenix, yomwe boma latsankho lidakhazikitsa m'zaka za m'ma 1970 kuti muzikhala amwenye okhaokha. Moyandikana nayo muli Inanda, KwaMashu, Bhambayi ndi Amaoti, madera a anthu akuda, ambiri mwa iwo osaukitsitsa. Anthu a m'maderawa amadutsa mu Phoenix tsiku ndi tsiku popita kuntchito, kuchipatala, kokagula zinthu ndi kokamwetsa galimoto.

Pakati pa mitundu iwiriyi pali chilonda chakale. Mu January 1949 anthu 142 adafa pa zipolowe za pakati pa anthu akuda ndi amwenye mumzinda wa Durban. Mu 1985 kudabukanso zina ku Inanda, ndipo mudzi womwe Mahatma Gandhi adakhazikitsa m'derali mu 1904 udaonongedwa. Ana a mbali zonse ziwiri amakula akumva nkhanizi kwa agogo awo, aliyense monga momwe kwawo amaifotokozera.

Tsono zipolowe za 2021 zitafika, mauthenga adayamba kuzungulira m'mafoni kuti akubawo akatha sitolo alowa m'nyumba za anthu. Apolisi samaoneka. Anthu a ku Phoenix adatseka misewu ndi miyala, mitengo ndi galimoto, n'kuimapo ndi mfuti, zikwanje ndi zibonga. Mawu awo adali omwewo a ku Maponya, akuti tikuteteza dera lathu.

Kusiyana kwake kudali kwakuti ku Maponya amalondera chipata cha sitolo, pomwe ku Phoenix amalondera msewu wa aliyense, ndipo chizindikiro cha wakuba chidasanduka khungu. Anthu akuda amawatsitsa m'galimoto, kuwamenya, kuwawombera, galimoto zawo n'kuziotcha. Ambiri mwa iwo sadabe kanthu. Ena amachokera kuntchito, ena amasaka mafuta a galimoto.

Nduna ya apolisi panthawiyo, Bheki Cele, idalengeza kuti anthu 36 adaphedwa ku Phoenix, ndipo 30 mwa iwo adachita kuwomberedwa. Pafupifupi onse adali anthu akuda. Bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikomo, m'lipoti lake la mu January 2024, lidatsimikiza kuti kusankhana mitundu kudalipo pa kuphana kumeneku.

Tisanamizire mtundu wonse. Mu Phoenix momwemo mudali amwenye omwe adadzudzula zakuphazi poyera, ndipo atsogoleri a mipingo ndi a madera a mbali zonse adakhala pansi kufuna kuyanjanitsa anthu. M'madera a azungu namonso mudali zipata zotere, momwe munthu wakuda amafunsidwa umboni woti amakhaladi komweko asadaloledwe kukagula buledi. Chomwe chikuopsa pankhani ya Phoenix n'chakuti ambiri mwa omwe adaima pazipatazo sadali zigawenga zodziwika. Adali abambo apabanja, ogwira ntchito zawo, omwe mantha ndi mphekesera za pafoni zidawapatsa udindo wa wapolisi, wa woweruza ndi wa wonyonga usiku umodzi.

Kuno kwathu sitingadabwe nazo kwenikweni. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika pamsika munthu akangokuwa kuti wakuba, ndipo tikudziwanso kuti palibe amafunsa kaye ngati wogwidwayo ndi yemwedi.

Matsache ndi malisiti

Boma lidayamba ndi asilikali 2 500, kenako lidakweza chiwerengero kufika pa 25 000, ndipo pofika kumapeto kwa sabata bata lidayamba kubwerera. Apa padatulukira gulu lina la anthu, la matsache ndi mafosholo. Ku Soweto, ku Alexandra ndi ku Durban, anthu ongodzipereka adasesa magalasi osweka ndi kuzula phulusa m'sitolo zomwe sizidali zawo. Pa 18 July, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mandela, Ramaphosa naye adapita ku Soweto kukasesa nawo. Bungwe la Gift of the Givers, lomwe ndi kuno ku Malawi limagwira ntchito, pamodzi ndi mizikiti ndi matchalitchi, adagawa buledi, mkaka ndi zakudya zina.

Apolisi, omwe adasowa pomwe sitolo zimathyoledwa, adatulukira tsopano n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo m'madera a anthu osauka kufuna katundu wobedwa. Wopanda lisiti amamulanda. Mantha atagwira anthu, mafiriji ndi masofa adayamba kupezeka atatayidwa m'mphepete mwa misewu usiku. Sofa yabuluu ija nayo idapezeka, itaonongeka.

Izinso zidagawa anthu. Ena amati achita bwino, wakuba asadyerere. Ena amafunsa kuti ndani amasunga lisiti la ketulo yomwe adagula zaka zisanu zapitazo, nanga bwanji apolisiwo samagogoda m'nyumba za mipanda komwe kudalowera katundu wa pagalimoto? Pa 25 July Ramaphosa adalengeza kuti ndalama ya R350 ija iyambiranso. Omwe amati zipolowezi idayambitsa ndi njala adati mwaonatu, pomwe anzawo adati boma laphunzitsa anthu kuti likamva utsi ndi pomwe limamasula thumba.

Sitolo zikuluzikulu zambiri zidamangidwanso chifukwa zidali ndi inshulansi kukampani ya boma ya Sasria, yomwe idalandira madandaulo a ndalama zoposa R30 biliyoni. Wa kaokala, wa saluni ndi telala wa pakhonde, ambiri adalibe inshulansi iliyonse.

Abale athu ali komweko

Kwa mabanja a ku Mangochi, Machinga, Mzimba kapena Nkhata Bay, iyi siidali nkhani yakutali. N'kovuta kupeza mudzi m'maboma amenewa wopanda mwana ku Joni, dzina lomwe timatchulira dziko lonselo, kaya munthuyo ali ku Durban kapena ku Cape Town. Ambiri amagwira ntchito za m'nyumba, zosamalira maluwa, zautelala ndi za m'sitolo, zolandira patsiku kapena pasabata. Sitolo ikapsa kapena msewu ukatsekedwa, ndalama ya fetereza ndi ya fizi kumudzi kuno imaima. Katundu wambiri wa m'sitolo zathu amachokeranso komweko, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa pa Mwanza.

Ndipo ifenso tidalawako zotere, zaka 10 ndendende m'mbuyo mwake. Pa 20 July 2011 mabungwe omwe si aboma adakonza zionetsero zodandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja komanso ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Zionetserozo zidasanduka zipolowe ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Karonga, sitolo zidathyoledwa, ndipo anthu 20 adafa m'masiku awiri. Ena mwa a ku Mzuzu adaikidwa pamalo amodzi kumanda a Zolozolo.

Mtsutso wake udali womwewu. Boma lidaloza chala okonza zionetsero ndi akuba, okonza zionetsero adaloza chala boma ndi apolisi, ndipo m'minibasi anthu amakangana ngati ophedwawo adali ngwazi kapena mbava. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno apolisi sadasowe. Adalipo, ndipo komiti yomwe idafufuza nkhaniyi idapeza mu 2012 kuti adagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso. Ku South Africa anthu amalira kuti apolisi ali kuti, kuno amalira kuti apolisi atiphera ana.

Adathera kuti?

Milandu ya July 2021 yayenda mwa kamba. Kumapeto kwa 2023 khoti lidalamula mlonda wina wakale kukakhala kundende zaka 12 kaamba ka kanema yemwe adajambula womema anthu kuti akathyole Brookside Mall ku Pietermaritzburg, yomwe idatenthedwa. Chaka chomwecho abale awiri a ku Phoenix adalamulidwa zaka 7 aliyense pamlandu wofuna kupha, koma pamlandu wakupha khoti lidawapeza osalakwa. Mu January 2025 mwana wa Zuma, Duduzile Zuma-Sambudla, adaonekera kukhoti pomuganizira kuti amakolezera zipolowezi pa Twitter, mlandu womwe iye adaukana. Mabanja ambiri a ophedwa ku Phoenix sadaonepo aliyense akulangidwa chifukwa cha imfa za abale awo.

Nanga Nhlanhla Lux uja, ngwazi ya pa Maponya Mall? Kutchuka komwe adakupeza pachipata chija adapita nako kugulu la Operation Dudula, lomwe lidayambira ku Soweto komweko mu 2021. Mawu oti dudula m'Chizulu amatanthauza kukankhira kunja, ndipo okankhidwawo ndi anthu obwera, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, Amalawi ndi ena. Kumayambiriro kwa 2022 iye ndiye adali patsogolo gululi likamayenda m'misika ndi m'nyumba kuthamangitsa mavenda obwera ndi kufunsa anthu ziphaso, ati poteteza dera lawo.

Lux adasiyana nalo gululi mu July 2022, koma ilo lidapitirira. Mu 2025 mamembala ake amaima pazipata za zipatala za boma kubweza odwala omwe alibe chiphaso cha South Africa, kuphatikizapo amayi oyembekezera ndi a ana kumsana. Mu November chaka chomwecho khoti lalikulu la ku Johannesburg lidagamula kuti gululi lilibe mphamvu yofunsa munthu chiphaso, pakuti imeneyo ndi ntchito ya apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka okha.